Tsamba limene tinalekezera

Mayi a Tadala, lero chakwana chaka chitisiyireni, koma ana amene munkawaphunzitsa kiyibodi akubwerabe kuno ku Chilomoni. Ine mtima uli m'mwamba.

Paja tsiku lija munandikhazika pakati pawo, mwamuna wanu waimvi wodziwa kuimba ndi khutu lokha, n'kuti, "Bambo, imbani kaye, buku pambuyo." Nditamaliza munatsegula bukulo n'kuloza manotsi a nyimbo, timadontho takuda. "Zimene mwaimbazo ndi izi." Ine ndinati, "Nyererezi?" Munaseka mpaka kutsokomola. Ndikuwaphunzitsa momwemo, zala kaye, manotsi pambuyo, ndipo anawa akuthamanga, mwamva? Loweruka afika pa tsamba limene tinalekezera inu mutadwala. Nyimbo ya pamenepo sindinaimvepo, ndipo khutu siliwerenga. Akati, "Agogo, tiimbireni kaye," ndidzagwira pati?