Mchere wa Che Wailesi

Ukafika padoko la Kachulu n'kufunsa za Che Swalehe, anthu amayamba ayang'anana kaye, ena kukanda m'mutu. Koma unene kuti Che Wailesi, ha! Ngakhale wogulitsa mandasi akulozera ndi mlomo. "Si awo apo? Kodi simukuwamva?" Ndipo n'zoona, bambo amenewa umayamba kuwamva usanawaone.

Ntchito yawo ndi yowolotsa anthu pa boti la injini kupita ku Chisi. Maboti pamenepo alipo angapo, injini n'zofanana, madzi ndi omwewo ofiirira aja. Chimene anthu ankalimbiranira boti la Che Swalehe ndi pakamwa pawo. Kuchoka padoko mpaka kutsidya, nkhani zimangotuluka: za mpira, za mtengo wa matemba ku Songani, za ukwati wa mwana wa uje umene unatha mpunga ukadali pamoto. Amayi oopa madzi ankafika kutsidya nthiti zikuwawa ndi kuseka, mantha atawaiwala padoko. Chaka chimene nyanja inaphwa, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi, iwo ankawanyamulira katundu panjinga uku akukuwa kuti, "Gwirani zolimba, mafunde lero ngoopsa!" pamene fumbi lili koboo.

Amene anaona kuti pakamwa pamenepa ndi chuma ndi mwana wawo Rehema, wogulitsa mafoni m'tauni ya Zomba.

"Ababa, inu muli ndi chinthu chimene amalonda akuluakulu amachisowa," anatero atabwera kudzacheza. "Muli ndi dzina. Kutauni amati bulandi. Munthu azikudziwani ali patali."

Anagula penti yachikasu, boti lonse n'kuoneka ngati dzungu lakupsa, m'mbali n'kulembamo WAILESI YA CHISI ndi nambala ya foni. Anawagulira chipewa chachikasu, n'kumawajambula akucheza ndi anthu m'boti. Posakhalitsa alendo ochokera kutali ankafika padoko akufunsa za bambo a chipewa chachikasu. Che Swalehe chipewacho anachikonda moti mkazi wawo, Halima, ankati tsiku lina adzalowa nacho mumzikiti.

Tsono m'mawa wina akubwerera kuchokera ku Chisi, nkhani ili pakati, anamva kumbuyo kwa khosi kukugunda ngati munthu akusinja. Maso anachita chidima, nyanja inayamba kuzungulira. Anagwiritsitsa injini, nkhani ija n'kuimaliza mwachidule, anthu osadziwa kanthu. Mawa lake anauza Halima kuti akupita ku Songani kukagula pulagi ya injini, koma analowera kuchipatala.

"Bambo, magazi anu akuthamanga kuposa boti lanulo," anatero adokotala, mayi wa nkhope yoseka. "Ndi bipi imeneyi. Mankhwala ndikupatsani, muzimwa osadumphitsa. Koma mankhwala okha sangakwanitse ntchito. Mchere muusiye. Muzigona mokwanira. Komanso tsiku lililonse muzipeza kanthawi kokhala panokha, chete, osalankhula ndi munthu, n'kumangopuma pang'onopang'ono. Mtima nawo umafuna tchuthi."

"Chete? Ineyo?"

"Inuyo."

Pobwerera, njinga ankangoikankha. Za mchere sizinawavute kwenikweni. Chinawadya mumtima ndi Gerishomo, mnzawo amene kale ankawolotsanso anthu. Gerishomo anakomoka kamodzi kokha m'boti, anthu n'kuyamba kunong'onezana kuti ndani angakweze mwana wake m'boti la munthu woti agwa nthawi iliyonse. Lero amasoka maukonde a eni ake pansi pa mtengo. Che Swalehe anadziwa kuti nkhani ya bipi ikangofika padoko, Wailesi yatha, chipewa chachikasu chisanduka choopsezera mbalame m'munda wa mpunga. Nanga kuuza Halima? Mayi aja samasunga misozi. Akalira kumjigo, anzawo afunsa, ndipo nkhani ikafika kumjigo ndiye kuti yafika padoko. Anabisa mapiritsi aja m'kachitini ka masipanala, pakamwa n'kusoka.

Malo okhala chete anawapeza m'kati mwa mabango. Munali chimbowera chakale, kanyumba kaja asodzi amamanga pamwamba pa udzu woyandama, eni ake atachisiya. Akaswali pemphero la masana, ulendo womaliza utatha, ankasamba, kuvala malaya oyera, kusiya chipewa m'boti kuti asadziwike, n'kukankha bwato laling'ono kulowera komweko.

Masiku oyamba, koma abale, zinali zomvetsa chisoni. Munthu uja ankangokhala pang'ono, n'kupezeka akufotokozera akakowa za mpira wa dzulo. Akadzigwira pakamwa, miyendo imayamba kugwedezeka yokha. Koma pang'ono ndi pang'ono anazolowera. Anayamba kumva zinthu zimene anakhala akuziphimba ndi mawu awo kuyambira ubwana: mlamba ukutulutsa mutu kudzapuma, mabango akukhudzana, mphepo ikusintha kochokera. Anamva ngakhale mpweya wawo womwe. Tsiku lina anakumbukira mayi awo akuwapesa tsitsi ali mwana, misozi n'kutsika yokha popanda wowaseka. Khosi lija linasiya kugunda. Ankabwerera kunyumba mtima uli zii, osakalipira nkhuku, osafuula poitanitsa madzi. Malo amenewo anawakonda zedi.

Cholakwa chawo chinali chimodzi, ndipo anachichita tsiku lomwe anachokera kuchipatala lija.

"Abiti Twaibu," anaitana mkazi wawo monga amachitira nthawi zonse, potchula dzina la bambo a mayiwo, "kuyambira lero ndiwo zanga muzipatula musanathire mchere."

Halima anali akusadzula mlamba. Mpeni unaima.

"Mwati bwanji?"

"Mchere wanuwo ine ayi."

Anangonena choncho n'kutuluka. Kwathu kuno mchere si nkhani ya lilime lokha. Akuluakulu amati mkazi amene wayenda njira zosayenera akathira mchere m'ndiwo amadula mwamuna wake, munthu n'kuyamba kutupa ndi tsempho. Ndiye mwamuna akakana mchere wa m'dzanja la mkazi wake, wanena mawu aakulu osatsegula pakamwa: sindikukukhulupirira. Che Swalehe mwambowu ankaudziwa bwino lomwe, ankauseketsa nawo anthu m'boti. Koma mutu utadzaza ndi Gerishomo, sizinawafike n'komwe. Munthu wodziwa nkhani za midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja anaphonya ya m'nyumba mwake.

Halima sanafunse kachiwiri. Ndiwo ankapatula, kuika pamphasa, iwo n'kukadyera kukhitchini. Mayankho awo anafupika: "Eya." "Ayi." "Kaya." Che Swalehe, mwa uchitsiru wa amuna, ankaganiza kuti mayi aja nawo ayamba kukonda bata, mpaka kumathokoza Mulungu kuti m'nyumba mwalowa mtendere.

Koma padoko pali maso. Munthu angavule chipewa, koma mayendedwe ake savula. Amayi ogula nsomba anawaona akulowa m'mabango atasamba, malaya oyera, opanda ukonde, opanda mono, n'kumatuluka nkhope ikuwala. Nkhani inafika kumjigo, Halima n'kuwonkhetsa okha: bambowa apeza wina ku Chisi, ndipo akundinamizira ine kuti abise zawo.

Madzulo ena dzuwa likadalipo, Che Swalehe pofika kunyumba anapeza mphasa yayalidwa pabwalo. Panali mlongo wake wa Halima, amene ndi nkhoswe ya banjalo, ndi amalume awo a Che Swalehe. Pakhonde panali chikwama chawo chomangamanga. Mkamwini sauzidwa tanthauzo la chikwama pakhonde. Mudzi ndi wa mkazi, njira ndi ya mwamuna. Kuseri kwa mpanda amayi oyandikana nawo anali akupeta mpunga umene unali wopetapeta kale.

"Alamu, khalani pansi," inatero nkhoswe. "Mapanga awiri avumbwitsa. Mlongo wanga ali ndi mawu."

Halima sanayang'ane mwamuna wawo. Anatambasula dzanja lamanja.

"Dzanja ili lakuthirirani mchere kuyambira muli mnyamata wopanda ndi bwato lomwe. Ana onse akula ndi mchere wa dzanja limeneli. Nyanja itaphwa, tikudya ndiwo za masamba okhaokha, linali lomweli. Lero laipa? Ine, Abiti Twaibu, imvi zili m'mutu, ndiyende ndi amuna? Ngati mwapeza wina m'mabangomo, nenani. Zimenezo ndipirira. Koma kundipaka ine matope kuti inu muoneke oyera, ayi. Zandipweteka, bambo a Rehema. Zandipweteka kwambiri."

Apo ndi pamene zinawatsegukira Che Swalehe. Mchere! Anamva manyazi otentha kuyambira kumapazi. Masabata onsewa iwo akumvetsera milamba, mkazi wawo ankadyera yekha kukhitchini ndi chitonzo chimene sanachichite.

Anayang'ana kumpanda. Malichero anali ataima. Chilichonse chonenedwa pabwalo limeneli chikhala chitafika padoko dzuwa lisanalowe. Akanatha kupempha kuti akalankhulire m'nyumba, koma chitonzo cha Halima chinali chitayenda kale mudzi wonse, ndipo chotsukidwa m'nyumba sichiyera kumjigo.

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, anthu anaona Che Wailesi atasowa mawu. Anakhala chete, maso pansi, akupuma pang'onopang'ono monga anaphunzirira kuchimbowera. Amalume awo mpaka anawagwedeza phewa poopa kuti akomoka. Kenako anadzutsa mutu, n'kulankhula ndi mawu awo a padoko aja, omveka mpaka kuseri kwa mpanda.

"Ndikudwala. Ndili ndi bipi. Adokotala anandiletsa mchere, n'kundiuza kuti ndizikhala pandekha chete. M'mabangomo mulibe mkazi, muli akakowa. Mapiritsi ali m'kachitini ka masipanala m'boti, wofuna akaone. Ndinabisa poopa kuti anthu asiya kukwera boti langa ngati anachitira ndi Gerishomo. Abiti Twaibu sanandilakwire kanthu. Dzanja lawo ndi loyera. Wopusa ndine."

Nkhoswe inapukusa mutu. "Alamu, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu munatseka n'kukhomapo misomali."

Amene ankayembekeza kuti Halima asangalala sakuwadziwa mayi amenewa. Anadzambatuka, chitenje n'kumanganso.

"Ndiye mukanagwera m'mabango muja? Inu mukufa nokha ngati mbalame, ine ndili pano kukutembererani? Anthu a ku Chisi ndiwo ofunika, eti? Chipewa ndicho mkazi wanu?"

Analira tsono, kulira kwenikweni. Akulira choncho anatola chikwama chija n'kuchiponyera m'nyumba, mwamphamvu moti nkhuku imene inkaikira kuseri kwa chitseko inatuluka ikulalata.

Nkhani inafikadi padoko tsiku lomwelo. Ena anasiyadi kukwera boti lachikasu, makamaka amayi a ana aang'ono, ndipo Che Swalehe zinawawawa kuwaona akudutsa maso ali kumbali. Ena anatsala. Panabweranso ena achilendo, achikulire oyenda ndi mapiritsi awo m'thumba, amene ankakhala pafupi ndi injini n'kumafunsa motsitsa mawu kuti, "Inunso khosi limagunda?" Boti silidzaza ngati kale, koma likuyenda. Gerishomo amapatsidwa moni wautali masiku ano.

Rehema atamva anabwera ndi foni yake, maso akuwala. "Ababa, tikajambule kuchimbowera kuja! Anthu a m'tauni amakonda zimenezi, za kupuma, za mtendere wa mumtima. Bulandi ikula!"

"Boti jambula, chipewa jambula," anatero bambo ake. "Koma kumene kuja kulibe Wailesi. Kuli Swalehe."

Halima sanapemphepo kukaona malowo. Masana akaswali, amawatulutsira okha malaya oyera. Munthu akabwera kudzawafuna nthawi imeneyo, amamubweza pachipata. "Wailesi yatseka kaye. Mubwere mawa."

Koma chimene Che Swalehe sadzaiwala ndi chakudya cha tsiku lotsatira mlandu uja. Halima anabwera ndi mbale imodzi ya mlamba, osati ziwiri, n'kukhala pamphasa pomwepo moyang'anana nawo. Ananyema, kulawa, nkhope n'kukwinyika.

"Iii! Zimenezi ndi zomwe mwakhala mukudya? Ngati madzi otsukira mbale."

"Thiraniko mchere mbali yanuyo, Abiti Twaibu. Odwala ndine."

"Idyani, inu. Mumalongolola."

Kachitini ka mchere kanali pafupi, pa alumali, poti akanangotambasula dzanja. Halima anapisanso m'mbale muja, nadya ndi mwamuna wawo mpaka msuzi unatha.