Phazi la Idrisa

Fungo la nzimbe zowotcha limandibwezera ku Dwangwa mpaka lero. Ndi fungo lotsekemera koma lopsereza, ngati shuga wogwera pamakala, ndipo silinkabwera lokha. Akayatsa munda madzulo, m'mawa tinkapeza timasamba takuda titagwera paliponse, pachingwe cha zovala, m'ndowa ya madzi akumwa, ngakhale pa mpunga umene Amayi ankayanika pamphasa. Ukati utole kamodzi, kankafumbutuka m'zala n'kukusiyira mwaye. Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mwera unayamba msanga. Anthu amati kunyanja sikuzizira. Amene amatero sanagonepo m'nyumba ya malata mu Juni, mphepo ikulowera kunsi kwa chitseko, iwe utafunda chitenje chimodzi ndi mng'ono wako wokonda kukoka zofunda.

Tinkakhala kuseri kwa msika, m'nyumba za lendi zomangidwa mondandana, zitseko zisanu ndi chimodzi, mjigo umodzi. Ababa ankadula nzimbe. Ankachoka kusanache atanyamula chikwanje ndi botolo la tiyi, n'kubwerako ali bii, maso okha ndi mano zikuoneka. Ana tinalipo atatu: ine Asiyatu, mng'ono wanga Hawa wa zaka zinayi, ndi mlongo wathu Idrisa wa miyezi isanu ndi iwiri. Idrisa anali ndi timapazi tonenepa ngati timabanzi. Ukamukanda kunsi kwa phazi, zala zonse zinkapindika kamodzi n'kukugwira chala, kenako ankaseka mpaka ntchintchi. Masewera anga anali amenewo pamene Amayi ali kumjigo.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona mu Meyi, chifukwa popanda zimenezo simungamvetse chimene ndinachita. Khomo lachitatu kuchokera kwathu kunkakhala mayi wina amene tinkamutchula amake Rajabu, ndipo Rajabuyo anali khanda lodwaladwala. Tsiku lina masana, nditatumidwa tomato kumsewu, ndinawaona akutsika minibasi. Mwana anali kumbuyo, atamufunditsa zitenje ziwiri, mutu ndi mapazi omwe. Anathokoza kondakitala bwinobwino, anakonza mpango wawo, n'kuyenda pang'ono. Minibasi itangokhota, anagwada pafumbi pomwepo, n'kutulutsa kulira kumene sindinakumveponso. Azimayi ogulitsa tomato anasiya mabeseni awo n'kuthamangira.

Mawa lake kumjigo ndinamva azimayi akufotokozerana, akuyesa ine ndikungotsuka chidebe. Mwanayo anatsirizika ali m'njira. Galimoto ya anthu sinyamula maliro, ndipo akadziwa amakutsitsa pomwepo, kaya ndi patchire. Ndiye mayi amangomubereka ngati wamoyo, kumufunditsa, kumeza misozi mpaka afike kwawo. "Walimba mtima mwana wa eni," anatero mayi wina, "njira yonse osagwetsa ndi dontho lomwe." Ndinasenza madzi anga n'kupita, koma mawuwo ndinawasunga.

Chifuwa chinalowa mumzere wathu wonse mwezi wotsatirawo. Khomo lililonse kunkamveka kutsokomola, ndipo m'mawa fungo la mandimu owiritsa ndi masamba a bulugama linkasakanikirana ndi utsi wa mbaula. Kwathu anayamba ndi Hawa, koma iye ankatsokomola uku akuthamanga. Idrisa ndiye chinamugwira mwina. Tsiku lachitatu anakana bere. Amayi atamuvula kuti amupukute, ndinaona nthiti zake zikulowa mkati nthawi iliyonse akakoka mpweya, ndipo pakhosi pake pankamveka kaphokoso ngati ka mwana wa mphaka wotsekeredwa m'katoni. Ababa anali atapita kale kumunda. Amayi anasiya uthenga khomo loyandikana, n'kutitenga tonse atatu, poti panalibe khomo lopanda wodwala loti n'kutisiyapo.

Kuchipatala chaching'ono anamubaya jakisoni n'kunena kuti ndi chibayo, afunika kuboma kumene kuli mpweya wa m'mabotolo. Ambulansi inali itanyamuka m'mawa womwewo ndi mayi wina wodwala pakati. Adokotala analemba kalata, ndipo poipereka anayang'ana Amayi m'maso. "Musaidikire, mayi. Chilichonse chimene chikupita kuboma, kwerani." Pasiteji panali minibasi yokhala ndi anthu atatu okha, kondakitala akuitanirabe. Pambali pake panali kagalimoto kamatola kapamtunda, kodzaza matumba a mpunga, injini ikulira kale. Amayi sanafunse kawiri.

Asanakwere anandivula juzi yanga ya sukulu n'kumuveka Idrisa. Anamubereka, kenako anatenga chitenje chachiwiri n'kumuphimba mutu wonse. Nditaona zimenezo ndinakumbukira za mu Meyi zija, chifukwa kumbuyo kwa Amayi kunaoneka ndendende ngati kumbuyo kwa amake Rajabu. Anakhala pathumba choyang'ana kutsogolo kuti mphepo iziwomba iwo, mwana azibisala kumsana, Hawa n'kumukhazika pamiyendo. Ine anandiuza ndikhale kumbuyo kwawo. Ndiye anapisa dzanja m'chitenje, anatulutsa phazi limodzi la Idrisa, n'kuliika m'manja mwanga.

"Gwira apa," ananong'ona. "Likazizira unditsine pantchafu. Osalankhula, osalira. Wamva?"

Ndinagwedeza mutu. Sanandiuze tanthauzo lake, ndipo sanadziwe kuti ndinkalidziwa kale.

Tinali anthu ngati khumi pamwamba pa matumbawo. Panali abambo awiri ovala majekete a kaunjika, mayi wina wonenepa wogulitsa usipa wouma, ndi kondakitala amene anaima kumapeto atagwira chitsulo. Phazi linali lotentha ngati mwala wapamoto, moti poyamba ndinkasinthanitsa manja. Minda ya nzimbe inkadutsa, ina yobiriwira, ina yakuda yopsa kumene. Kenako inayamba minda ya chinangwa, ndipo apo ndi apo nyanja inkaonekera pakati pa mitengo, yotuwa, yodzaza thovu, yopanda bwato ndi limodzi lomwe. Mphepo inkabaya m'makutu. Hawa anayamba kulira njala, ndipo mayi wa usipa anamupatsa chinangwa chowiritsa chochokera m'kapepala.

"Amayi, mwanayo mwamuvundika ngati nthochi," anatero kondakitala. "Tikamafika kuboma akhala atapsa."

Anthu anaseka. Mmodzi wa abambo aja sanaseke, anayang'anitsitsa chitenjecho. "Koma ali bwinobwino ameneyu? Chikwerereni sanalireko."

"Wagona," anayankha Amayi osatembenuka. "Mukamudzutsa muyamwitsa ndinu."

Anasekanso, ndipo nkhani inatembenukira ku mtengo wa mpunga. Ine ndinaona khosi la Amayi kumbuyo, mtsempha ukugunda.

Sindingathe kunena malo enieni pamene linayambira. Zala ndi zimene zinayamba, kenako chidendene. Ndinadziuza kuti ndi manja anga amene azizira, ndipo ndinagwira tsaya langa kuti ndiyerekeze. Tikamatsetsereka kulowera pamlatho wa Bua, pamene mphepo ya kumtsinje inatimenya m'mbali, phazi la Idrisa linali lozizira ngati nsomba. Ndinalikanda kunsi ndi chikhadabo. Zala sizinapindike. Ndinakandanso mwamphamvu, mpaka ndinaopa kuti ndamucheka. Palibe chinachitika.

Ntchafu ya Amayi inali pomwepo, pafupi ndi bondo langa. Ndinaiyang'ana. Ndinaona m'maganizo zonse zimene zichitike ndikangotsina: Amayi alephera kupirira, alira ngati amake Rajabu, abambo aja amenya denga la galimoto, ndipo atitsitsa pakati pa mitengo imeneyi, ine ndi Hawa ndi chinangwa chake. Koma ndinene zoona, panali china choposa pamenepo. Ndinkakhulupirira kuti malinga sindinatsine, sizinachitike. Imfa ya mlongo wanga inali pakati pa zala zanga ziwiri, ndipo ndinali ine woti ndiilole.

Ndiye sindinatsine. Ndinawerama, n'kulowetsa phazilo m'diresi langa, kukhwapa, n'kulipana. Likafundako pang'ono ndinkalitulutsa, kuliuzira mpweya wa m'kamwa, kulitikita, n'kulibwezeranso. Ndinkanena Bisimila mumtima mobwerezabwereza, poti mapemphero ena onse a kumadrasa anali atandithawa. Mayi wa usipa anandiyang'ana nthawi yaitali. Anangokoka dengu lake n'kuliika mbali imene kunkachokera mphepo, iye n'kusendera mpaka thupi lake litanditchinga, ndipo fungo la usipa linandikuta ngati bulangete.

Patapita nthawi Amayi anapendeketsa mutu pang'ono. "Bwanji?" anafunsa chapansipansi.

"Likutentha," ndinatero.

Limenelo ndi bodza lalikulu kuposa onse amene ndinanenapo. Mapewa a Amayi anatsika, ndipo anapitiriza kuyang'ana kutsogolo. Ine ndinakhala ndi bodza langa kukhwapa mpaka nyumba za kuboma zitayamba kuoneka. Pamenepo mayi wa usipa anamenya denga n'kukalipira dalaivala kuti asaime pasiteji, apitirire mpaka pageti pa chipatala, ndipo amene ali ndi changu atsike ayende.

Namwino atamasula zitenje, ndinatseka maso. Ndinawatsegula nditamva akuitana mnzake mofulumira. Idrisa anali wotuwa, milomo yakuda, koma nthiti zija zinkalowabe ndi kutuluka, pang'onopang'ono. Anathamanga naye, Amayi pambuyo, mpango utagwera paphewa. Ine ndinatsala pakhonde nditagwira dzanja la Hawa, ndipo ndinasanza m'ngalande ngakhale ndinali ndisanadye kanthu chiyambire m'mawa.

Nyengo yotsalayo tinakhala kwa azakhali, alongo awo a Ababa, pafupi ndi mzikiti. Ndimakumbukira adhana yoitanira mapemphero a m'bandakucha ikubwera modukaduka chifukwa cha mphepo, masamba a mango akukwekwereza pabwalo, ndi miyendo yathu yotuwa yoti azakhali ankaipaka mafuta ophikira. M'mawa uliwonse ndinkanyamula fulasiki ya phala kupita kuwodi ya ana. Munkanunkha mankhwala otsukira pansi ndi matewera, ndipo azimayi ankagona pansi pa mabedi, pamakatoni. Ababa ankabwera Lamlungu, m'makutu mukadali mwaye, n'kuima kumapazi kwa bedi atagwira chipewa. Idrisa anali ndi timapaipi m'mphuno. Ine ndikafika ndinkayamba ndapisa dzanja m'bulangete n'kukanda phazi, Amayi akuyang'ana kwina. Tsiku lachisanu ndi chinayi zala zinapindika n'kundigwira chala. Ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa thanki ya madzi, chifukwa m'mutu mwanga lamulo lija la osalira linali lisanathe.

Tinabwerera ku Dwangwa kumapeto kwa Julayi, pa minibasi, mawindo otseka. Za phazi sindinauze munthu. Ndinakula ndikudziwa kuti ndinapatsidwa ntchito imodzi yokha ndipo ndinanama, ndiponso kuti zikanapita kwina, Amayi akanabereka mtembo mtunda wonsewo akukhulupirira mawu anga.

Lero ndili ndi ana awiri. Ndinapita kukoleji, ndipo ndikudziwa kuti mwana wotentha thupi amatha kuzizira mapazi ali moyo, makamaka pamphepo. Kudziwako sikunandichiritse. Mwana wanga akangotsokomola kawiri ndimakhala nditamuvula kale malaya kuti ndione nthiti, ndipo bambo awo amati ndidzawatha ana ndi kuwagwiragwira. Chaka chathachi, mu Juni momwemo, wamng'onoyo anatentha thupi tili kwa Amayi, ndipo tinakwera naye minibasi limodzi kupita kuboma. Anali malungo, anachira. Koma pamlatho wa Bua Amayi anaona dzanja langa lili m'sokosi ya mwana, ndipo ndinangopezeka ndawauza zonse, zaka makumi awiri zitadutsa.

Tinawoloka mlathowo. Kenako anati, osandiyang'ana, "Kuchoka ku Dwangwa ndinkamumva akupuma pamsana panga. Pofika pano ndinasiya kumumva. Ndinati Asiyatu akangonditsina, ndidziponya pansi galimoto ikuyenda." Anakonza mpango wawo. "Ndiye sunanditsine."

Idrisa tsopano ndi chimunthu chachitali, amayendetsa njinga yamoto pa Dwangwa pomwepo, ndipo amavala patapata ngakhale mu Juni. Sadziwa chifukwa chimene ndimamukalipira kuti agule nsapato. Ndili mwana ndinkayesa kuti tsiku lija ndinanyamula phazi la mlongo wanga, ndipo ndinalinyamula mwachinyengo. Sindinkadziwa kuti kuchokera pa Bua mpaka pageti pa chipatala, amene ndinawagwira m'manja anali Amayi.