Nkhope Yanga pa Khoma la Kalasi

Anzanga, ine ndi munthu ameneyu tinakumana ndili ndi mopu m'manja.

Ndimasesa ndi kukolopa pa sukulu ina ya zilankhulo. Kumabwera anthu akuluakulu olankhula Chifalansa, manesi, madalaivala, azimayi a bizinesi, kudzaphunzira Chingelezi. Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi, ndiye zilankhulo ziwirizi zimangondidutsa ngati mphepo.

Tsiku limenelo ndinakhuthulira madzi a m'ndowa pa nsapato za mphunzitsi watsopano. Ndinayamba kupepesa. Ine nkhawa ndinabadwa nayo. Abwana akangotsokomola, ndimati basi ntchito yatha.

"Pepani a Ticha, chonde musakandinenere..."

Iye anangoseka. "Taima kaye choncho. Nkhope yakoyi imalankhula yokha. Sindinaonepo yotere."

Palibe mwamuna amene anayamikirapo nkhope yangayi. Amayi ankati ndinabadwa nditakwinya kale pamphumi ngati ndabwera kudzadandaula.

Pasanathe mwezi tinali pa chibwenzi. Ankandiperekeza kokwerera basi, ankandinyamulira chikwama, ndipo foni yake sinkachoka pamaso panga. Ndikaluma zikhadabo, kujambula. Ndikapinda manja, kujambula.

"A Ticha, mukundijambuliranji ndisanadzole n'komwe?"

"Bebi, ndikufuna ndizikuona ndikakusowa."

Kalasi yake inali chipinda cha kumapeto kwa khonde, ndipo anandiletsa kusesamo. "Msana wakowo ndimaumvera chisoni. Mwanga muno ndizisesa ndekha."

Ndinakawauza achemwali anga monyadira. Iwo anangopukusa mutu. "Mwamuna wolimbirana tsache? Iwe, kasuzumire pansi pa tebulo." Ine ndinati ndi nsanje.

Loweruka lina tili pa benchi, anandiyang'ana mosaseka. "Tisiyane. Ndaganiza bwino."

Ndinalira mpaka mamina, manja ali kumutu. Kenako ndinangomva kamera ya foni ikulira.

"Ndimangocheza, bebi. Ndimafuna ndione ngati umandikondadi."

Ndinamukhululukira. Wopepesa ndinali ine, poti ndinamunyowetsa malaya ndi misozi.

Sabata yatha abwana anandiitana. "Kodi iwe ndi chipinda chakumapetocho munayambana? Fumbi lokhalokha. Kiyi uyu, kasese pompano."

Ndinatsegula... khoma lonse linali ine.

Zithunzi khumi ndi ziwiri, zazikulu ngati kalendala, chilichonse chili ndi mawu a Chingelezi pamwamba, a Chifalansa pansi. Kuwerenga ndimavutika, koma ndinaphatikiza zilembo pang'onopang'ono. Frown: ine nditakwinya pamphumi. Shrug: ine nditakweza mapewa. Bite your nails: ine ndikuluma zikhadabo, tsiku limene anandidikiritsa maola awiri padzuwa, ine n'kumaganiza kuti wagundidwa ndi galimoto. Sob: ine ndikulira Loweruka lija, mamina ali pamlomo.

Pa smile, pomwe pamafunika nkhope yomwetulira, anamatapo mzimayi wa m'magazini.

Apa m'pamene ndinazindikira chimene ophunzira ankakodolerana ndikamadutsa ndi ndowa yanga. Miyezi inayi yonse, buku lawo ndinali ine.

Ndinakhala pa mpando. Nkhawa inayamba zake: ukazichotsa akuchotsa ntchito, wokolopa angamumvere ndani, bola ungotseka chitseko ngati sunaone. Koma anzanga, tsiku limenelo mkwiyo unaposa mantha.

Ndinasesa bwinobwino, n'kutuluka. Ndinadikira kuti kalasi idzaze. Kenako ndinalowa osagogoda, ndinakoka mpando, ndinakwerapo, n'kuyamba kumatula zithunzi zija chimodzichimodzi.

"Iwe, tsika, tikakambirane panja," ananong'ona Ticha.

"Munandikhoma muno, tikambirana muno."

"Ndi za maphunziro chabe izi. Teaching material. Sungamvetse."

"Zoona, sindinaphunzire. Koma Loweruka lija ndalimvetsa. Munandiliza dala kuti mupeze chithunzi."

Nesi wina wachikulire wa magalasi, amene amamvako chilankhulo chathu, anatembenuka n'kuwafotokozera anzake mu Chifalansa. Dalaivala wina amene ankakonda kundiyerekeza pakhonde anabisa nkhope m'manja.

Ticha anali atazolika, thukuta kamukamu, akukanda kumbuyo kwa khosi. Ndinamuloza ndili pampando pomwepo.

"Amayi, auzeni anzanuwo awayang'ane aphunzitsi awo. Nkhope imeneyo Chingelezi chake n'chiyani?"

Nesi uja anatsitsa magalasi, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ashamed," anatero. "Ndiye kuti manyazi."

Awiri analemba m'makope mwawo.

Ndinatuluka zithunzi zanga zili kukhwapa. Sindinadikire kuitanidwa. Ndinapita ndekha kwa abwana n'kuziyala pa desiki pawo. Anaziyang'ana nthawi yaitali, makamaka cha Loweruka chija.

"Unavomera zimenezi?"

"Sanandifunse, bwana."

Ntchito ndikadali nayo. Ticha anauzidwa kuti afufute zonse za m'foni, ine ndikuona. Zinalipo zoposa zana.

Panopa amanditumizira mamesege. "Bebi, wakulitsa nkhani. Wandichititsa manyazi pa anthu." Iye, manyazi a tsiku limodzi!

Ndikudziwa ena mwa inu mulemba m'makomenti kuti ndi zithunzi chabe, mwamuna wophunzira sapezeka wamba, mukhululukire. Musatopetse zala zanu. Inde zikundipwetekabe. Chakudya sichikulowa, ndipo ndikamva nsapato zake pakhonde mtima umadumpha. Koma sindibwerera.

Munthu amene amakuliza dala, iwe uli pakati polira iye n'kumafufuza foni m'thumba, ameneyo sanakukondepo. Wosaphunzira ndine, sindikukana. Koma nkhopeyi ndi yanga, ndipo amene akuifuna ayambe wapempha.