Maondo Anga pa Kapeti ya Abusa

Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma kukumbuka ndiye ndimakumbuka, abale, ngati nyimbo ya ku Mvano!

Matipate, maphwando a pambuyo pokolola aja, atangoyamba kumudzi, mwana wanga wamkazi anandiitanitsa ku Woodbridge, ku Amereka, kuti ndikamulerere khanda. Iyeyo m'mawa uliwonse anali pamsewu, wa ku Falls Church, kukasamalira nkhalamba ina ya ku Sikotilandi. Nkhalamba yake si wamba ayi, abusa! Ali mnyamata anakhalapo kwathu, kupalasa njinga m'midzi, kufunsa akuluakulu mmene mpingo unayambira, n'kulemba mabuku a mbiri ya mpingo. Atabwerera kwawo anakwera, anakwera, mpaka kukhala mkulu wa yunivesite yonse. Koma tsopano anali atafa ziwalo mbali imodzi, akusungidwa ndi mwana wawo wamkazi wokwatiwa ku Amereka. Kuyankhula anali atasiya.

Changa chinali chimodzi. Mdzukulu wanga anali asanabatizidwe, ndipo masiku anga obwerera kumudzi anali atayandikira. Amalawife tinkapemphera m'chipinda chapansi kwa mnzathu ku Columbia Heights, m'busa tinalibe. Ndibwerere ine, mwana ndimusiye choncho?

"Undiperekeze kwa abusa akowo," ndinatero.

"Amayi, munthu sayankhula! Mukufuna mundichotsetse ntchito?"

"Ndingokawapatsa moni basi. Moni anachotsetsapo ndani ntchito?"

Loweruka ndinavala bulauzi yoyera, mpango woyera, khanda kumsana. Titalowa ndinawaona abusa pampando wamatayala pafupi ndi zenera, tsitsi lili mbuu. Ine monga mwa kwathu, ndili chapatali ndithu, maondo pansi gwadu, n'kuyamba kuwomba m'manja.

Mayo ine! Mwana wa abusa uja kukuwa, kuthamanga, kundigwira m'khwapa. Ankayesa ndagwa ndi matenda a mtima. Dzanja linalo wagwira kale foni kuti aitane ambulansi. Iye kundikokera m'mwamba, ine kukakamira pansi, poti abusa anali asanandiyankhe. Mwana wanga thukuta kamukamu.

"Amayi dzukani, chonde, kuno sachita zimenezo!"

Pomwepo tinamva phu, phu, phu. Abusa! Dzanja lamoyo likuwomba pa lakufa lija, mwaulemu, mwakwathu, akuseka mpaka misozi. Kenaka pang'onopang'ono, Chinyanja chakalekale:

"Zikomo, amayi. Muli... bwanji?"

Mwana wawo anaponya foni, n'kukhala pakapeti pomwepo, kulira. Ine sindinataye nthawi. Ndinamasula khanda kumsana.

"Abusa, ife tili bwino, koma uyu alibe ubatizo."

Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mpingo... uli kuti?"

Ndinamva. Ubatizo sachitira kuseri ngati zakuba, pamafunika mpingo uone. Mwana wanga anatanthauzira mwana wa abusa uja, iye akupukuta misozi anangoti, aitaneni onse.

Lamulungu, aa, Lamulungu lakelo! Anabwera anamwino akwathu ali m'mayunifolomu, anabwera akulu a mpingo, anabweranso anzathu a ku Zambia ndi Chinyanja chawo chothamanga chija. Nsapato pakhomo mulu. Madzi tinathira m'mbale yagalasi yodyera zipatso. Mkulu wa mpingo anawerenga mawu, makolo a mwana analonjeza. Koma abusa potambasula dzanja, linanjenjemera, madzi kutayikira pa bulangeti lawo. Anayesanso, chimodzimodzi.

Ndinagwadanso, ndipo ulendo uno palibe anandikoka. Ndinawagwirira chigongono pansi, mmene timathandizira mnzathu kusenza mtolo. Dzanja linayenda, linayenda, linafika. Madzi pamphumi pa mdzukulu wanga!

"M'dzina la Atate," anayamba abusa, ndipo anamaliza maina onse atatu osaphonya.

Khanda linalira, ine nthungululu, lululu, mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa. Mwana wa abusa anafuna kuyesa nthungululu nayenso, zinatuluka ngati nkhuku yatsamwa, tonse kuseka.

Ndege ndinakwera mtima uli m'malo. Amayi a Mvano atandifunsa kuti mwana anabatizidwa kodi, ndinati: anabatizidwa, anzanga, ndipo chigongono cha abusa ndinagwira ndine!