Kachipewa ka ku Dedza

Kachipewa kaja kanali kachikasu, koluka ndi wulu, pamwamba pake pali kampira ka ulusi kangati dzira la nkhunda. Kanafika kwathu m'katoni imodzi ndi mbatata ya kachewere, moti kankanunkha dothi la kwina ngakhale atakachapa. M'katoni momwemo munali juzi ya mabatani, timasokosi tomanga ndi zingwe, ndi sholo yoyera yolemera ngati bulangete. Anatumiza zonsezi ndi agogo ake a mwana ku Dedza, ndipo sindikayika kuti ankaluka ali pafupi ndi moto. Ife tinatsegula katoniyo mu Okutobala, kwathu kutsidya la kummawa kwa nyanja, nyengo imene mchenga umaotcha mapazi ngakhale a munthu wobadwira pomwepo.

Ndinali mu Sitandade 3. Mwanayo anali wamkazi, woyamba wa amalume, mchimwene wa amayi. Amalume anali msodzi wa khoka la chilimira, munthu wa nthabwala amene ankaimba nyimbo za kutchalitchi ngakhale posoka khoka. Mkazi wawo anali aphunzitsi anga. Anabwera kuchokera ku Dedza kudzaphunzitsa pasukulu ya mishoni, ndipo amalume anayamba kuwapititsira chambo chimene iwo sanaitanitse, mpaka zinathera ku ukwati. Ine ndinalephera kuwapezera dzina lina. Kunyumba ndi kusukulu komwe anali aphunzitsi basi, ndipo amalume nawonso ankawatchula choncho, makamaka akafuna kuwaputa.

Kwathu mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi. Apa zinatembenuka chifukwa cha sukulu. Aphunzitsi ankakhala m'nyumba ya kuseri kwa yathu, pakati pa abale a mwamuna okhaokha, popanda mayi wawo kapena mchemwali woti n'kumunong'oneza kanthu. Nthawi imeneyo sindinkaona kuti imeneyi ndi nkhani. Ndinkaganiza kuti munthu wogwira choko sasowa aliyense.

Masiku a chikuta amayi ndiwo ankagona nawo m'nyumba, amalume osaloledwa kulowa. Amalumewo ankangozungulira pabwalo, kusoka khoka lopanda chibowo. Mchombo utagwa, mwana anatulutsidwa atavala zonse za m'katoni muja, kachipewa kofika m'maso, sholo pamwamba. Amalume anamulandira m'manja awiri, n'kuyamba kufunafuna pakati pa wulu. Anafunsa ngati mwanayo analimo ndithu kapena anaiwalika pamphasa. Tonse tinaseka, aphunzitsi omwe. Amalume ankayesa kuti zovalazo n'za tsiku lokhalo, loonetsa mwana kwa anthu.

Mawa lake mwana anatulukanso chimodzimodzi, ndi mkuja womwe.

Mkangano wawo sunali waphokoso. Amalume akachoka kunyanja mmawa ankasamba, kutenga mwana, kukakhala naye pansi pa mtengo wa mango. Kenako ankayamba ndi sokosi imodzi, akung'ung'udza nyimbo ya Lamulungu lapitalo. Ikatha vesi, sokosi inzake. Pofika pa korasi juzi yavuka, kachipewa kapachikidwa pa kanthambi, mwana watsala ndi thewera lokha, akupalasa timiyendo ngati chule. Aphunzitsi ankatuluka ndi beseni, kuima, kuyang'ana ndi nkhope ija ankaonera nayo makope athu. Kenako ankatola zovalazo chimodzichimodzi n'kubwezera pomwe chinali, mabatani onse mpaka la pakhosi.

Mawu awo ndimawakumbukira chifukwa anali omwewo tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi ankati mwana wakhanda alibe mafuta, ndipo mphepo imalowera paliwombo. Amalume ankaloza masamba a mango ali zii, n'kufunsa kuti mphepo yake iti. Ankati usipa ukauunjika osauyanika pathandala umapsa wokha. Aphunzitsi ankayankha kuti iwo sanabereke usipa. Pamenepo amalume ankaseka, chifukwa yankholo linkawakoma, koma mawa lake ankayambiranso pa sokosi.

Mudzi wonse unalowerera ndithu. Amayi a pamjigo ankafunsa kuti zinayamba liti zoti mwamuna adziwe za masokosi a khanda. Asodzi anzawo a amalume anayamba kuwatcha anesi, ndipo bwato likamakocheza ankawauza kuti afulumire, odwala akudikira. Mayi wina wachisilamu woyandikana nafe, amene ankakazinga zitumbuwa, anamutcha mwanayo kankhosa. Anabweretsa kadiresi koyera ka nsalu yopyapyala kamene anavala mwana wake, n'kukasiya pakhonde mwaulemu. Aphunzitsi anathokoza n'kukaika pansi pa sutukesi. Amalume sanakayang'ane n'komwe, poti kwa iwo thewera linali lokwanira.

Ine ndinavutika m'njira yangayanga. Aphunzitsi akapeza mwana ali chivulire, amalume atazemba, ankafunsa ine kuti wavula mwana ndani. Ndikanena zoona, amalume sakananditenganso pabwato. Ndikanama, ndinali nditaphunzira kale ku kalasi ya katekisimu kumene abodza amapita. Ndiye ndinaphunzira kusowa. Nyengo imeneyo mbuzi zathu zinadyetsedwa bwino kuposa chaka china chilichonse. Lero ndikaganiza ndimaona kuti aphunzitsi ankadziwa yankho. Ankangofuna munthu mmodzi pabwalo paja woti anene mokweza kuti iwo akulakwiridwa.

Kenako m'khosi mwa mwana ndi kumsana munatuluka tinsungu tofiira tothinana. Mwana ankalira masana onse, akudzipukuta mutu pa chitenje. Amalume sanaseke ulendo uno. Anati ndi wulu, ndipo anabwereza kangapo, mokweza, anthu akumva. Aphunzitsi anati ndi sopo wa kugolosale, n'kuwaza paudala wambiri mpaka mwana kuoneka ngati wagwera mu ufa. Juzi sanaichotse.

Patapita masiku ochepa chabe, zinatembenukira amalume. Tsiku lina masana kunatentha moti nkhuku zinali kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Aphunzitsi anali atagona tulo ta kutopa. Amalume anatenga mwana, kumuvula zonse, kumupukuta ndi kansalu konyowa, n'kumugoneka pachifuwa pawo pansi pa mango paja. Nawonso anagona, poti anachezera kunyanja. Mitambo inatsika kuchokera ku mapiri a ku Chowe osaiona. Kunabwera chimphepo cha fumbi, kenako madontho akuluakulu a mvula yoyamba. Ndimakumbukira fungo la dothi lonyowa, amayi akuthamangira kukaanula usipa, ndi amalume akuthamanga chowerama, mwana ali m'khwapa mwa malaya. Mwanayo anangonyowa pang'ono. Koma madzulo ake anayetsemula, mawa lake mphuno zinatseka, ndipo ankalephera kuyamwa bwino.

Chinali chimfine wamba, ndipo kuchipatala cha mishoni anatero. Koma aphunzitsi sanalankhule ndi amalume. Ndinawamva akuuza amayi, akuchapa matewera kuseri, kuti sukulu ikatsekera apita ndi mwana ku Dedza. Anati kumeneko kuli amayi awo owathandiza kulera, ndipo akapempha kuti awasamutsire sukulu ya konko. Analankhula modekha, akufinya thewera. Amayi anangoti amva. Zaka zambiri pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti aphunzitsi anataya mng'ono wawo wakhanda ndi chibayo, mwezi wa Juni, iwo ali mtsikana wamng'ono womubereka kumbuyo. Sanauzepo munthu kwathu. Akanatiuza mwina amalume sakanaimba nyimbo povula masokosi, koma sindingawaweruze. Pali zinthu zimene munthu sanena pamudzi pa eni.

Nkhani yopita ku Dedza ija inawafika amalume. Anasiya kuimba. Akachoka kunyanja ankaima pakhomo n'kusuzumira mwana, manja ali kumbuyo, ngati mlendo. Msodzi wa chilimira akagwira chiyani ku Dedza? Ngakhale ine ndinamvetsa kuti aphunzitsi akakwera basi ndi mwanayo, nyumba ya kuseri ija itsala ndi khoka lokha.

Ubatizo unali utakonzedwa kale, Lamulungu lina sukulu isanatsekere. Mmawa umenewo kunacha kopanda mtambo, kutentha kwa pambuyo pa mvula kumene kumamata malaya pamsana. Belu loyamba litalira tinamva mawu kunyumba ya kuseri, kwa nthawi yoyamba okwera ndithu. Ndinayesa ndi zomwe zija. Koma atatulukira pakhonde pathu ndinadabwa. Amalume ndiwo ananyamula mwana, atamuveka okha zonse, juzi yokoleka mabatani mophonya, sholo yokulunga kawiri. Aphunzitsi ankawatsatira akukoka nsonga ya sholoyo. Usiku wa dzulo lake anali ataona kuti tinsungu ta m'khosi tasanduka zilonda, ndipo anafuna kuti mwana apite wopepuka. Amalume anakana. Anati mwana ali ndi chimfine, ndipo sadzalolanso kuti mphepo imukhudze.

Anaima pamaso pa amayi ngati ana asukulu olimbirana pensulo.

"Achemwali, tiuzeni inu," anatero amalume. "Chimene munene ndi chomwecho."

"Nenani, alamu," anatero aphunzitsi. "Inu mwalera. Ine sindikudziwanso."

Amayi anali akumanga duku. Anabereka ana asanu, ndipo wotsiriza anali kumsana kwawo nthawi yomweyo, akuyamwa chala. Anayang'ana mchimwene wawo, anayang'ana mlamu wawo, n'kumaliza kumanga dukuyo mosafulumira.

"Ine zimenezo ndinaiwala," anatero. "Anga anakula kale."

Anatola buku la nyimbo, kundigwira dzanja, n'kuyamba ulendo. Amayi awiri a pamudzi anali atayandikira kale kuti apereke nzeru zawo. Amayi anawakola m'mikono onse awiri n'kuwauza kuti belu lachiwiri lili pafupi. Nditacheuka ndinaona amalume ndi aphunzitsi ataima okha pabwalo, mtolo wa wulu uli pakati pawo ukulira.

M'tchalitchi sindinapemphere bwino. Malata ankathetheka ndi dzuwa, amayi akuluakulu akudzikupiza ndi mabuku, ndipo ine ndinkangoyang'ana mwana wa kumsana kwa amayi. Anakula kale uti? Amayi anga ananama, Lamulungu, atanyamula buku la nyimbo, ndipo tsopano ankaimba mokweza ngati palibe chachitika. Ansembe anawerenga mawu, kulalikira, akuponya maso kukhomo. Ana ena odzabatizidwa anali kale kutsogolo. Ndinayamba kuganiza kuti aphunzitsi alongedza sutukesi.

Amalume ndi aphunzitsi analowa ulaliki ukutha. Mwana anali m'manja mwa aphunzitsi, atavala kadiresi kopyapyala kaja ka mayi wa zitumbuwa, kokwinyika chifukwa chokhalitsa pansi pa sutukesi. Kumapazi kunali timasokosi. Sholo inali paphewa pa amalume, yopinda bwino, yodikira mphepo ikabwera, ndipo thukuta linkawatsika m'masaya mpaka m'kolala. Poyenda kupita kutsogolo, aphunzitsi analowetsa zala ziwiri kuseri kwa khosi la mwana, n'kunong'oneza amalume. Amalume nawo analowetsa zawo pomwepo, n'kugwedeza mutu. Anachita zimenezi kangapo mapemphero asanathe. Palibe anawaphunzitsa, kapena tinene kuti palibe amene ndinamuona akuwaphunzitsa.

Madzi atathiridwa pamutu, mwana sanalire. Anatsinzina, kenako anayetsemula kamodzi. Onse awiri anadumphira kutsogolo, amalume atatambasula kale sholo. Ansembe anaseka mpaka kuiwala pamene analekezera, mpingo wonse n'kuseka nawo.

Sukulu itatsekera aphunzitsi anapitadi ku Dedza. Anapita ndi amalume, ndipo anabwerera limodzi sukulu ikutsegulira. Amalume anakhala zaka akusimba za kuzizira kwa kumeneko, kuti ngakhale m'dzinja madzi osamba amaluma, ndi kuti apongozi awo ndi munthu wanzeru. Aphunzitsi anaphunzitsa pasukulu yathu mpaka kupuma. Za zovala ankakanganabe, koma tsopano ankatseka chitseko.

Malemu mkazi wanga ankaikonda nkhaniyi. Titabereka mwana wathu woyamba tinasemphana pa za kumusambitsa, ine n'kupita kukafunsa amayi. Anali ataiwalanso. Nditabwerera n'kumuuza, mkazi wanga anaseka mpaka kugwira mimba, n'kundiuza kuti nditseke chitseko ndibweretse beseni.

Koma tsiku la ubatizo lija ndinalibe zonsezi m'mutu. Pobwerera kunyumba, anthu ali patsogolo ndi mwana, ndinakoka chitenje cha amayi n'kuwafunsa ngati anaiwaladi. Anandiyang'ana, n'kundiuza kuti mbuzi sizinamwe madzi chiyambire mmawa. Ndinapita nazo kunyanja mtima uli wolemera. Ndinagwada pamchenga wotentha, mbuzi zikumwa, n'kupempha Mulungu kuti awakhululukire amayi anga, amene ankadziwa bwinobwino chovala choyenera mwana, koma anakana kuuza anthu awiri amene anawapempha.