Kansingano Anabwereka Chaka kwa Mwana Wake

Bambo ake a Kansingano anali wokonza njanji, ndipo anapita kumanda manja ali gwaa ndi zikang'a. Mayi ake alipobe. Maso ndiwo anazima, koma pakamwa mpakuthwa. Iye mwini anabereka awiri: mtsikana amene anakwatiwa kutali, ndi mzime wake, mnyamata wamutu wogwira amene ankaphunzira zamagetsi.

Dzina loti Kansingano anampatsa ndi anzake a kudoko chifukwa cha kuonda. Wina asaseke, kuonda kumeneko ndiko kunadyetsa banja zaka makumi awiri ndi zitatu. Ntchito yake inali kulowetsa magalimoto m'mabogi a sitima ya pamtunda akatsika m'sitima ya pamadzi, ndi kutulutsa ena opita kunja kuti akawoloke nyanja. Mabogi akewo ndi osanjikiza, othina koopsa. Galimoto imaima zala zinayi kuchokera pa inzake, chitseko chimangoyasama pang'ono n'kupeza khoma lachitsulo, ndipo woyendetsa ayenera kutulukira pampata womwewo osakanda penti. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse ankavula lamba, wotchi ndi mphete, n'kuzisiya m'chitini pazenera. Zaka zonsezo sanakandepo galimoto ya munthu ngakhale imodzi. Wotsutsa abwere ndi umboni.

Ntchitoyo inali ndi nyumba ya kampani, zipinda ziwiri m'mbali mwa njanji, momwe makapu amagundana okha sitima ikamadutsa. Mayi ake amaidziwa nyumbayo ndi manja, khoma ndi khoma, ndipo safuna wowagwira dzanja popita kuseri. Koma lamulo lake n'lakuti nyumba ndi ya amene ali pantchito.

Kenaka nyonga, polumikizana mwendo ndi chiuno paja, inayamba kuuma. Anabisa chaka chathunthu. Tsiku lina analowetsa galimoto yofiira pakati pa bogi, anzake n'kuimika magalimoto ena asanu kumbuyo kwake. Anatsegula chitseko, natulutsa phewa, mwendo n'kukana. Anayesanso, thukuta lili kamukamu.

"Kansingano, wagona mmenemo?" anakuwa womanga matayala.

"Mwendo, achimwene. Sukupinda."

"Anthuni, tingomutumiza limodzi! Mwini galimoto akalandire ndi dalaivala waulere!"

Anaseka onse, iyenso anaseka, apo ayi akanalira. Anzakewo anamasula malamba a matayala amene anali atamanga kale, n'kubweza magalimoto asanu aja kuti amutulutse. Sitima inanyamuka mochedwa ndi ola lathunthu.

Kapitawo sanali munthu woipa. Anamuitanira kuseri kwa shedi.

"Akulu, ine ndinakuonani kalekale mukutsimphina, ndimangoyang'ana kumbali. Lero aona ndi mabwana omwe. Thupi likakana lakana."

"Nanga nyumba? Amayi aja mukuwadziwa, sapenya. Ndikawayambitsire kuti kuphunzira makoma atsopano?"

"Njira ndi imodzi. Bweretsani wanu alowe pamalo panu, nyumba isachoke pabanja. Koma akhale woonda."

Woonda analipo mmodzi yekha. Kansingano anazungulira nyumba kawiri asanalowe. Anapeza mzime wake ali patebulo, mawaya ndi mabuku zili mbwee, mayeso otsiriza atatsala miyezi isanu.

"Mwananga, undibwereke chaka chimodzi. Nyongayi ikapola ubwerera kusukulu."

Mnyamatayo anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ananso chitseko cha chipinda cha agogo ake.

"Chimodzi, bambo?"

"Chimodzi."

"Ndiye mundiphunzitse katulukidwe kake. Kulowa aliyense amalowa."

Anakankha kabati kufupi ndi khoma, ndipo mlungu wonse bambo anaphunzitsa mwana pampata umenewo: phewa patsogolo, tulutsa mpweya, dzanja pamphepete pa chitseko kuti chikakhudza khoma ligunde ndi dzanja. Mwanayo anagwira msanga. Kapitawo anati magazi sanama.

Nyonga sinapole. Kuchipatala anati fupa linaperesedwa, palibe chobwezera. Kusukulu anasunga malo zaka ziwiri, kenaka anapatsa wina. Chino ndi chaka chachisanu. Mnzake wa m'kalasi wa mnyamatayo ndiye akukonza magetsi kudoko komweko, ndipo amamupatsa moni ali pamwamba pa makwerero.

Alipo amanong'ona kuti Kansingano anadya tsogolo la mwana wake. Onenawo sanasamukepo ndi mayi wakhungu. Komabe iye mwini sadziikira kumbuyo. Amakhala pakhonde ndodo ili pakati pa miyendo, mabogi akudutsa, ndipo madzulo mwana akatulukira atatopa amayesa kuyamba nkhaniyo.

"Zayenda bwanji lero?"

"Makumi anayi, bambo. Osakanda."

"Wachita bwino. Tsono za chaka chija..."

"Madzi osamba alipo?"

Amanyamula ndowa n'kuzimirira kuseri, bambo ake mawu akadali kukamwa.