Nkhwangwa Imene a Chifatse Sanasankhe

Kuseri kwa nyumba yophikira buledi kunali bwalo la fumbi, kashedi ka malata anayi, ndi mulu wa zipika umene lole inkakhuthula kawiri pa mlungu. Pabwalo limenelo a Chifatse anawazapo nkhuni zaka zoposa makumi awiri. Uvuni wa nyumbayo unali wanjerwa, ndipo unkadya nkhuni ngati uli ndi njoka m'mimba. Ophika akangotsegula chitseko chakumbuyo n'kukuwa kuti, "Zatha!" a Chifatse ankakhala atadzaza kale wilibala.

Dzina lakuti Chifatse anawapatsa ndi ogulitsa m'sitolo ya zitsulo. Munthu wina akalowa kudzagula nkhwangwa ankaloza, n'kulipira, n'kumapita. Iwo ayi. Ankayamba ainyamula kuti amve kulemera kwake, chifukwa yowazira imafunika mutu wolemera, wamasaya onenepa, wotha kukankha mtengo kuti utseguke wokha. Yopyapyala ankaibweza pomwepo: imeneyo ndi yogwetsera mitengo, m'chipika imangolowa n'kukanirira. Kenako ankaiimika pansi kuti aone ngati mpini ukufika m'chiuno mwa mwini wake. Akatero ankatsinzina diso limodzi n'kuusuzumira mpiniwo kuchokera kumapeto, kutsata mizere ya mtengo ngati yayenda mowongoka mpaka kukhosi. Pomaliza ankatulutsa msomali m'thumba la malaya, n'kugogoda chitsulocho khutu lili pafupi. Chikalira mokoma ankagwedeza mutu. Chikalira ngati chidebe chobooka ankachiika pansi mwaulemu, ngati akupepesa.

Mpini wopaka penti sankaukhudza n'komwe. "Akapaka penti pali chimene akubisa," ankatero.

Motero aliyense wofuna nkhwangwa m'deralo, kaya ndi mlonda wa pasukulu, kaya ndi mayi wogulitsa nkhuni pamsewu, ankadzera kaye kuseri kwa buledi kudzapempha kuti amuperekeze. Sankakana, ndiponso sankalandira kanthu. Ankangochenjeza kuti, "Ngati muli ndi changu, pitani nokha."

Pabwalopo sanali okha. Ankawaza ndi alamu awo, mwamuna wa mlongo wawo wamng'ono, amene aliyense ankawatchula kuti a Manzere chifukwa cha dzanja limene ankagwirira ntchito. Anali a Chifatse omwe anawapezera malowo chaka chimene mlongoyo anabereka mwana woyamba. Anthu awiriwa anali osiyana ngati mchere ndi shuga. A Chifatse ankatha mmawa wonse atalankhula mawu osakwana khumi. A Manzere ankalankhula ndi zipika, ndi agalu odutsa, ndi woyendetsa lole, ndipo chipika chikavuta ankachifunsa kuti, "Kodi iwe, amako anakulera bwanji?" Poti wina anali wamanja wina wamanzere, ankatha kuima mbali ziwiri za chipika chachikulu n'kumamenya mosinthana osagundana, gu! gu! mpaka ophika ankatuluka kudzaonerera. Nthawi ya chakudya ankakhala pa chitsa chimodzi, kudya m'mbale imodzi imene mlongoyo ankalongedzera onse awiri.

Ankalongedzera awiri chifukwa a Chifatse analibe wowaphikira. Akazi awo anachoka kalekale, ukwati usanathe zaka zitatu, n'kupita ndi telala wina. Nkhani imeneyi sinkatchulidwa. Ngakhale a Manzere, ndi pakamwa pawo ponse paja, ankailambalala.

Tsiku lina Lachitatu anaiwala kuilambalala. Anali masana, ophika atatu atakhala nawo pamthunzi wa shedi, ndipo wina anali kutama a Chifatse kuti nkhwangwa imene anamusankhira yatha zaka zisanu ndi ziwiri osagwedera.

"Aaa, pa nkhwangwa alamu angawa palibe angawapose," anatero a Manzere, pakamwa pali chakudya. "Kungoti kwa mkazi anaiwala kugogoda ndi msomali. Anangomenyapo kawiri, mutu uwo! wauluka, iwo atsala ndi mpini m'manja."

Ophika anaseka mpaka wina kutsamwa. A Chifatse anapukuta manja pa buluku, n'kunyamuka, n'kukayamba kuwaza dzuwa lili paliwombo. A Manzere anawaitana kuti adzamalize chakudya, koma sanacheuke. Lachinayi ndi Lachisanu anabwera ndi chakudya chawo chokulunga m'pepala, n'kukadyera kuseri kwa mulu wa zipika.

Lachisanu lomwelo nkhwangwa ya a Manzere inang'ambika pabowo lolowa mpini. Inali itawotcheredwa kale kawiri, ndipo wowotcherera anati kachitatu sangayese. Poweruka a Manzere anawatsatira alamu awo mpaka pageti.

"Alamu, mawa mundiperekeze kusitolo."

"Ine sindidziwa kusankha. Munanena nokha pamaso pa anthu."

"Iii, alamu, nthabwala chabe ija mpaka lero? Chabwino, ndinalakwa. Pakamwa pangapa mukupadziwa."

"Pakamwa pomwepo pakakusankhirani."

Anatembenuka n'kumapita. Panjira mtima unawauza kuti abwerere, koma miyendo inapitirira.

Lolemba mmawa a Manzere anafika ataipachika paphewa nkhwangwa yatsopano, akuimba mluzu. Mpini wake unali wofiira psuu, wonyezimira. A Chifatse anaiona ili kutali ndipo anadziwa kuti mutuwo ndi wopyapyala. Alamu awo ataitsamiritsa pa shedi n'kupita kukavula malaya, iwo anadutsa pafupi ngati akukatenga wilibala. Pakhosi pa mpini penti anali atakalika pang'ono, ndipo pamenepo mizere ya mtengo inkaoneka itapingasa, yosatsata mpini. Mpini wotere suchenjeza. Umagwira bwinobwino mpaka tsiku limene wathyoka.

Anatsegula pakamwa. A Manzere anali akubwera, akumwetulira.

"Mwaiona dona yanga? Ndasankha ndekha. Tione ngati iyi indithawe."

Mawu aja anabwerera kukhosi. A Chifatse anati mumtima, ndiwauza masana. Awaze kaye, ikanirire m'zipika, atuluke thukuta, adziwe kuti kusankha si masewera. Masana ndiwauza, ndipo mpini wina ndili nawo kunyumba.

Nthawi isanakwane teni koloko, a Manzere anaimika chipika cha bulugamu chamfundo. Nkhwangwa inalowa n'kukanirira. Anaizula ndi mphamvu, n'kuikweza, n'kumenyanso pamfundo pomwepo. Kunamveka phwa! Mpini unaduka pakhosi, mutu unanjanja pachipika n'kuwapeza pamsongolo wa mwendo wakumanja. Anakhala pansi mwakachetechete, akuyang'ana buluku lawo likuda ndi magazi.

A Chifatse anavula malaya, anamanga mwendo, anawakweza pa wilibala ya nkhuni n'kuthamanga nawo mpaka kumsewu, kumene galimoto yoperekera buledi inawanyamula. Kuchipatala anawasoka, n'kuwauza kuti abwere pakatha mlungu. Aliyense anapuma. Mlongo uja anafika akuthamanga, nsalu ili m'manja, ndipo atawaona amuna ake akuseka ndi anamwino anayamba kuwakalipira chifukwa chomuopseza.

Koma bala silinapole. Pakutha pa mlungu linali litatupa, likununkha, ndipo atawayeza magazi anapeza kuti a Manzere anali ndi matenda a shuga amene sankawadziwa. Anawagoneka. Mlungu wachitatu adokotala anaitana mlongoyo ndi a Chifatse pakhonde n'kuwauza kuti mwendo uchoke pansi pa bondo. Unachoka. Patapita masiku khumi anati uchokenso pamwamba.

Masiku onsewo a Chifatse ankaweruka n'kulunjika kuwodi, manja asanasambe bwino. Ankawatembenuza alamu awo, kuwameta ndevu, kuwanyamula kupita nawo kubafa. Munthu amene ankakweza chipika yekha paphewa tsopano ankapepuka ngati mtolo wa tizibenthu. Pakamwa pokha ndi pamene panatsala.

"Alamu, nsapato yakumanjayo mutenge," anatero tsiku lina. "Mukapeze wina woduka wamanzere, tizigula peyala imodzi."

Odwala a mabedi oyandikana anaseka. A Chifatse anayesa kuseka, koma sizinatheke.

Madzulo ena, mlongoyo atapita kukachapa zofunda, a Manzere anawagwira dzanja. Chikhatho chawo chinali chotentha ndiponso chofewa, zikang'a zonse zitatha.

"Zija ndinanena pashedi zija, alamu, zimandiwawa. Inu munandipezera ntchito, munandidyetsera ana, ine n'kukuchititsani manyazi pamaso pa anthu. Mundikhululukire."

"Zinatha zimenezo."

"Ndikanakhala ndi pakamwa pabwino mukanandiperekeza, ndipo mukanauona mpini uja. Inu simukanaulola. Ndadzipha ndekha ine."

Apa m'pamene panali ponenera. A Chifatse anaona mawu ali okonzeka: ndinauona, alamu, ndinauona Lolemba mmawa. Anayang'ana nkhope yowondayo, maso atalowa m'kati, ikuwayang'ana mowakhulupirira ngati kale. Anangokonza pilo n'kunena kuti, "Gonani, mwatopa."

A Manzere anamwalira patapita masiku anayi, mmawa, a Chifatse ali pabwalo akudzaza wilibala.

Maliro atatha anabwerera kuntchito. Mwini buledi anafuna kulemba munthu wina, koma iwo anati atha okha, ndipo anathadi, kuyambira kusanatenthe mpaka dzuwa kupendeka. Mlongo wawo anapitiriza kuwatumizira chakudya. Lamlungu ankawaitana kunyumba, kuwakhazika pampando wa malemu, n'kumauza alendo kuti, "Pakanapanda achimwenewa sindikudziwa ndikanatani. Anawasamala alamu awo kuposa ine mkazi." Mawu amenewa ankawalasa kuposa kutukwanidwa. Chakudya sankachimaliza, ndipo anthu ankati ndi chisoni.

Anapirira miyezi isanu. Loweruka lina masana anamupeza mlongoyo akuchapa kuseri kwa nyumba, manja ali m'beseni. Sanakhale pansi.

"Achemwali, ndili ndi mawu."

"Nenani, achimwene. Mpando uwo."

"Mpini uja ndinauona. Tsiku lomwelo mmawa, asanayambe kuwaza. Ndinaona kuti uthyoka."

Mlongoyo anapitiriza kufikisa kolala ya malaya, ngati sanamve. Kenako manja anaima.

"Munawauza?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Ndinali nditakwiya. Ndinati ndiwauza masana."

Thovu linkaphulika pang'onopang'ono m'beseni. Kutsidya kwa mpanda wina ankasesa. Mlongoyo anatulutsa manja m'madzi n'kuwayang'ana, osawapukuta.

"Iwo anapita akudziwa?"

"Ayi. Ndinalephera kuwauza."

"Kwa iwo munalephera, kwa ine mwakwanitsa." Sanakweze mawu. "Mwabwera kudzatula katundu wanu pamutu panga kuti inu mupume. Ine ndikamutula kwa yani? Ndinali nditataya mwamuna yekha, achimwene. Mukanandisiyira mchimwene."

A Chifatse anaima pomwepo, chipewa chili m'manja.

"Pitani," anatero mlongoyo. "Chonde pitani, ana asanabwere."

Mlongoyo sanawauze anawo, ndipo sanauze wina aliyense. Anangosiya kutumiza chakudya. Akakumana pamsewu ankawoloka, kapena kuyang'ana m'thumba ngati akufuna kanthu. Lachisanu lililonse a Chifatse ankakankha wilibala ya nkhuni zouma, zowaza bwino, n'kukazisanja pageti pake. Zinkakhala pomwepo, mvula n'kuzinyowetsa, mpaka oyandikana nawo anazolowera kumazitola. A Chifatse ankadziwa, koma sanasiye. Zaka ziwiri zinatha choncho. Tsitsi linayera, phewa lakumanja linayamba kuvuta, ndipo anavomera kuti mwini buledi alembe munthu wina. Watsopanoyo anali wabwino ndithu, wakhama, koma ankadabwa kuti mkuluyu amadyeranji yekha kuseri kwa zipika.

Tsiku lina woyendetsa lole, akutsitsa zipika, anati, "Paja mawa ndikusamutsa achemwali anu. Mubwera kudzathandiza kukweza?" Anaona nkhope yawo n'kuzindikira kuti sakudziwa. Mwana wamkazi woyamba uja anali atakwatiwa kutali, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo anaitanitsa amayi ake kuti azikakhala nawo.

Mmawa mwake a Chifatse anapita. Anapeza lole ili pakhomo, mipando ndi mapoto zili panja. Palibe anawaitana, palibenso anawathamangitsa. Anayamba kunyamula: tebulo, matumba a zovala, makina osokera akale. Mlongoyo ankalowa ndi kutuluka osawayang'ana. Pomaliza panatsala bedi lachitsulo, limene linakana kutuluka pakhomo la kuchipinda. Woyendetsa anali pamwamba pa lole akumanga zingwe. Mlongoyo analimbana nalo yekha, kenako anaima n'kupuma.

"Gwirani uko," anatero. "Mulipendeke."

Anagwira. Analipendeka, miyendo inadutsa, ndipo analinyamula awiriwo kudutsa pabalaza popanda kanthu mpaka panja. Litakwera, mlongoyo anakhoma chitseko n'kupereka makiyi kwa mwini nyumba. Anatsanzikana ndi oyandikana nawo mmodzimmodzi, akukumbatirana ndi kulira. A Chifatse anaima pambali pa geti.

Atatsegula chitseko cha lole, phazi limodzi lili kale pachopondera, mlongoyo anacheuka. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nthawi yaitali.

"Mwawonda," anatero. "Muzidya."

Anakwera n'kutseka. Lole inabwerera chambuyo, inakhota pakona ya sitolo ya mankhwala, miyendo ya bedi ikugwedera pamwamba. A Chifatse anadikira mpaka phokoso lake litazimirira. Mayi wina woyandikana nawo anawafunsa ngati angalowe kumwa madzi. Anathokoza, anati achedwa kuntchito, n'kuvala chipewa chawo.